Zaka zisanu za malo athu a magemu ku Chibavi

Mwezi uno malo athu osewererapo magemu akwanitsa zaka zisanu, ndipo tatsegula chipinda chachitatu. Amene munatipeza poyamba mukukumbukira mmene zinalili: TV imodzi yogula kwa munthu, PlayStation 4 imodzi, benchi ya matabwa ndi nsalu yotchinga pakhomo, m'kachipinda ka lendi komwe mvula ya Mzuzu inkalowa podutsira m'malata. Ndalama yoyambira inali ya banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Lero tili ndi makina a PlayStation ndi Xbox, mipando yeniyeni, ndi sola padenga.

Za kuzimazima kwa magetsi mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, sindichulukitsa. Aliyense wa bizinesi anapsa nazo. Za kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimodzimodzi. Kontrola imodzi inayamba kugulidwa ngati mbuzi. Bambo wina amene ankatibweretsera katundu kuchokera ku Dar es Salaam anatigulitsa makina akale opukutidwa bwino, m'katoni yatsopano, nkumalumbira kuti sanayatsidwepo. Akudziwa yekha, ndipo moni timapatsanabe. Zonsezo zinali zopweteka, koma chimene chinatsala pang'ono kutitseketsa ndi gemu imodzi yotchedwa Doom.

Kwa amene simuidziwa, Doom ndi gemu yowomberana ya nkhani zopeka za m'tsogolo. Yoyamba inatuluka mu 1993 kuchokera ku kampani ya id Software ya ku America, ndipo imene tinali nayo ife ndi ya 2016. Nkhani yake imachitikira pa pulaneti ya Mars, komwe asayansi atsegula khomo la ku gehena ziwanda nkutulukira. Wosewera amakhala msilikali wolimbana nazo. Sindibisa, magazi alimo ambiri. Chiwanda chikafooka chimayamba kung'anima, wosewera amachiyandikira nkuchikhadzula ndi manja, ndipo gemuyo imamupatsa mphamvu chifukwa chochita zimenezo. Zipolopolo zikatha amachidula pakati ndi macheka a injini, zipolopolo zina zimagwa kuchokera m'chiwandacho. Anaipanga dala choncho kuti munthu asamabisale kuseri kwa khoma. Pakatoni pake palembedwa 18 moonekeratu.

Gemu imeneyi inkaseweredwa m'chipinda cha kumbuyo chokha, cha akuluakulu, makamaka anyamata a ku Mzuni ndi ogwira ntchito oweruka madzulo. Tsiku lina Loweruka mayi wina anabwera kudzasaka mwana wake, yemwe anali kutsogolo akusewera mpira ndi anzake. Anadutsa osamuona, nkukasuzumira kumbuyo, nthawi yomwe pa sikirini panali chiwanda cha nyanga chikung'ambidwa nsagwada, khoma lonse lofiira. Anangoti, "Yesu wanga!" natuluka, mwana atamugwira dzanja. Pofika Lolemba, Chibavi yonse mpaka ku Chiputula inali itamva kuti pamalo pathu timalowetsa ana za satana. Ena anawonjezera kuti makina athu amamwa magazi, nchifukwa chake bizinesi ikuyenda. Nkhani za anamapopa mukuzidziwa mmene zimathera m'dziko muno, ndiye sitinaseke. Ana anasiya kubwera. Lendi inatsalira. Amene tinatengako katapila wogulira sola, munthu amene kale ankatiitana "achimwene", anayamba kubwera m'mawa uliwonse kudzayang'ana TV zathu ngati akuzipima mtengo.

Anzanga ena anati ndingochotsa gemuyo ndikane kuti sinakhalepo. Ndinakana. Ndinapita kwa amfumu a m'dera lathu, ndinawapempha kuti abwere ndi makolo ofuna, abusa omwe, adzaone okha. Anabwera, ambiri nkhope zili gwaa. Ndinayala makatoni onse a magemu patebulo nkuwaonetsa kachizindikiro ka pangodya kosonyeza zaka za oyenera kusewera. Magemu ochokera ku Ulaya amakhala ndi nambala ya PEGI, 3, 7, 12, 16 kapena 18, dongosolo lomwe linayamba mu 2003. A ku America amakhala ndi chilembo cha ESRB: E ndi ya aliyense, T ya achinyamata, M ya zaka 17 kupita m'mwamba. Ndinawauza kuti mantha awo si achilendo, chifukwa ESRB imeneyi inakhazikitsidwa mu 1994 aphungu a ku America atakhalira pansi nkhani ya magazi a mu gemu ya ndewu yotchedwa Mortal Kombat. Kenako ndinayatsa Doom, osadumpha kanthu.

Amfumu anaonera kanthawi ali chete, kenako anafunsa, "Ndiye uyu akuwomberayu ali mbali ya ziwandazo?"

"Ayi amfumu, akuzipha."

"Nanga mdzukulu wanga amalowa muno?"

Ndinawaonetsa kope limene timalembamo aliyense wolowa kumbuyo, ndi lamulo lathu loti amene tikumukayikira zaka aonetse chitupa cha unzika. Abusa ena anati ngakhale zili choncho iwo sangaikonde, ndipo ndinawayankha kuti ali ndi ufulu wonse. Ineyo ndili ndi ana, ndipo palibe mmodzi yemwe anaigwirapo. Maganizo anga ndi akuti munthu wamkulu amadziwa kusiyanitsa sikirini ndi moyo, koma mwana wa sitandade 4 akaona nsagwada ikuzulidwa, usiku amene avutike naye ndi mayi ake, osati ine. Ndalama ya mwana ameneyo sindiifuna.

Tinagwirizana zoika chitseko chenicheni chokhala ndi loko m'malo mwa nsalu, ndi mahedifoni kuti kukuwa kwa zilombo kusamveke kutsogolo. Tinaonjezanso gawo lapakati la achinyamata, poti magemu owomberana si ofanana onse. Halo Infinite, ya 2021, ili ndi chilembo cha T: mumalimbana ndi zolengedwa za m'maiko akumwamba, koma mulibe kukhadzulana. Gears 5 ili ndi mfuti yokhala ndi macheka kunsonga kwake, ndipo ngakhale ili ndi pozimitsira magazi ndi zotukwana, ife timaisungabe kumbuyo, chifukwa kuzimitsa magazi sikusintha chilembo cha pakatoni. Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, ndipo mayi uja lero amabweretsa yekha mwana wake Loweruka, nkumulipirira ola la mpira.

Ndithokoze. Choyamba Mulungu. Mayi a kunyumba, amene anapirira mawu kumsika ndi kumpingo osandiuza kuti nditseke. Amayi a banki m'khonde amene anatidikira mwezi umene tinalephera kubweza. Amfumu, pobwera pomwe akanatha kungotumiza uthenga. Alandilodi athu, amene anangoti "mudzapereka zikayenda". Mlamu wanga wokonza zamagetsi ku Luwinga, yemwe watsitsimutsa makontrola amene ena akanataya. Anyamata awiri ogwira ntchito pano, amene amabweza mwana pachitseko cha kumbuyo ngakhale atawalonjeza ya fanta. Ophunzira a ku Mzuni amene anapitiriza kubwera nthawi ya mphekesera ija, ena akuyenda wapansi m'matope. Ndi inu makolo amene munafunsa mafunso ovuta pamaso panga. Yewo chomene, zikomo kwambiri.

Chipinda chatsopanochi ndi cha ana ndi mabanja: mpira, mipikisano ya galimoto ndi magemu a PEGI 3 ndi 7 okha. Ana a yunifolomu sitiwalandira nthawi ya sukulu. Chipinda cha kumbuyo chili ndi Doom Eternal ya 2020 ndi Dead Space, kwa a zaka 18 kupita m'mwamba, chitupa m'manja. Timalandira Airtel Money ndi Mpamba, magetsi akazima sola imanyamula, ndipo mwezi wonse uno amene walipira maola awiri tikumuwonjezera theka la ola. Ngati mwagulira mwana gemu kwina ndipo simukudziwa zimene zili m'kati, bwerani nayo, tikuyatsirani muione musanamupatse. Zimenezo sitilipiritsa.