Madzi a ku Kanyama pakati pa labu, msika ndi mpingo

Lolemba limathera pa manambala. Pa kafukufuku wa madzi amene tikuchita ku Kanyama, komboni ya mumzinda wa Lusaka ku Zambia, pali magulu atatu a pa yunivesite: a kemisitiri, a maphunziro a bizinesi ndi a maphunziro a zipembedzo. Nyumba iliyonse imapatsidwa nambala imodzi, ndipo nambala yomweyo imalembedwa pa botolo la madzi, pa fomu ya mafunso ndi pa fayilo ya mawu ojambulidwa. Dzina la munthu limapezeka pa fomu ya chilolezo pokha, ndipo fomuyo imatsekeredwa payokha. Manambala akasiyana, palibe amene angadziwe kuti madzi oipa aja anachokera kunyumba iti, ndipo ntchito ya magulu atatu imakhala yosakumana.

Lachiwiri galimoto imanyamuka kusanache, chifukwa madzi sadikira. Kanyama ali pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, madzi ali pafupi ndi pamwamba, choncho zochokera m'zimbudzi zokumba zimafika msanga m'zitsime zosazama, makamaka dzinja. Mabotolo amakhala owiritsidwa kale. Ngati madziwo ndi a pampopi, m'botolo mumathiridwa mankhwala otchedwa sodium thiosulphate kuti klorini asapitirize kupha tizilombo panjira, apo ayi zotsatira zimaoneka bwino mwabodza. Mabotolo amalowa m'bokosi la ayezi ndipo ayenera kufika ku labu maola 6 asanakwane. Timatenga kawiri: pa chitsime kapena pampopi, kenako m'chigubu cha m'nyumba. Nthawi zambiri vuto limabisala pamenepa, madzi otungidwa bwino n'kuipitsidwa ndi kapu kapena manja.

Ku labu timasefa mamililita 100 pa kasefa ka timabowo ting'onoting'ono ta 0.45 micron, n'kukaika m'mbale yomeretsera tizilombo mu inkyubeta (bokosi lotenthetsera) pa 44°C usiku wonse. Muyezo wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli (kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa ndowe) ngakhale mmodzi, ndipo nitrate (mchere wochokera m'zimbudzi ndi m'feteleza) asapose mamiligalamu 50 pa lita. Magetsi akazima pakati pa usiku inkyubeta n'kuzizira, zonse za tsikulo zimatayidwa. Kuwerenga mbale zotero n'kudzinamiza, ndiye Lachitatu timayamba ndi kuona pepala lolembapo kutentha kwa inkyubeta tisanawerenge kalikonse.

A bizinesi ntchito yawo ndi ya Lachitatu ndi Lachinayi, kwa ogulitsa madzi ndi m'makomo. Funso lakuti "mumawononga ndalama zingati pamwezi" silibweretsa yankho lodalirika kukomboni, kumene ndalama imalowa tsiku ndi tsiku. Funsani kuti, "Amayi, dzulo munatunga zigubu zingati za malita 20, ndipo chimodzi munagula bwanji?" Kenako mufunse za klorini, makala owiritsira madzi ndi nthawi yoima pamzere. Apa m'pamene zimaoneka chifukwa chake banja limabwerera kuchitsime ngakhale likudziwa kuopsa kwake.

Gulu la zipembedzo ena amaliyesa lokongoletsa lipoti, koma ine sindivomereza. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anafika poti bwalo la mpira la National Heroes Stadium ku Lusaka linasandutsidwa chipatala mu Januwale 2024, ndipo nthawi imeneyo mafunso ovuta anali a maliro: kusambitsa mtembo, kugona pa siwa, kudyera pamodzi. Anthu amakafunsa zimenezi kwa abusa, kwa amayi a chigwirizano ndi m'miphakati ya Akatolika. Wofufuza amayamba wakaonekera kwa atsogoleri Lachisanu, ndi kalata yochokera ku komiti yovomereza kafukufuku. Pofunsa, abusa asakhale m'chipindamo, chifukwa akristu amayankha zokondweretsa iwo.

A Seventh-day Adventist sitiwafunsa Loweruka, mipingo ina timaidikira Lamlungu mapemphero akatha. Mawu ojambulidwa amayamba alembedwa m'Chinyanja kapena m'Chibemba momwe analankhulidwira, kumasulira kumabwera pambuyo, ndipo ola limodzi la zokambirana limadya pafupifupi tsiku lathunthu la wolemba.