Zikomo kwa onse amene munandipulumutsa pa fayilo ya 286 MB ija

Abale, presentation ya research yanga ndinapanga dzulo ku Chanco ndipo zinayenda bho. Koma ndisanayambe kudzichemerera ndithokoze kaye anthu, chifukwa Lachiwiri usiku ndinatsala pang'ono kulira ngati mwana pakhonde la hostel ku Chikanda kuno.

A supervisor anati aliyense atumize ma slide pa imelo isanakwane 12 koloko usiku. Ine ndamaliza cha m'ma 8, ma slide 19 okha, ndati nditumize, Gmail ikukana kuti malire ndi 25 MB. Kuyang'ana fayilo yanga, 286 MB! Ma slide 19 abale. Ndati chabwino ipite pa Google Drive, koma ndi bandulo yotsala pang'ono ija komanso netiweki ya nthawi ya mvula, kamzere kaja kanangoima pa 4% ngati minibasi yodikira anthu pa depoti. Magetsi nawo anali atapita, laputopu ili pa 31%, mutu unangoima.

Zikomo yoyamba ipite kwa achimwene a pa stationery pomwe timapulintitsa ma assignment paja. Anali atatseka kale koma nditawaimbira anabwera wapansi, mvula ikuwaza, atafunda jumbo kumutu. Anangoti achemwali khazikani mtima pansi, tione kaye chadya malo nchiyani. Anakopera fayilo ija, pa kope lija nkufufuta .pptx kumapeto kwa dzina nkulemba .zip, kutsegula, kulowa mu ppt kenako mu media, nkusanja zinthu kuyambira chachikulu. Ine zaka zinayi zonsezi sindinkadziwa kuti presentation ndi kathumba chabe komangidwa kukamwa, mkati muli katundu yense amene unaponyamo.

Manyazi anandigwira pomwepo. Pamwamba penipeni panali vidiyo ya mabwato ya ku Kachulu, 170 MB yokhayo, ine ndinkati ndinaichotsa kalekale koma kani ndinangopanga hide slide yake, inali phee mkatimo. Pansi pake zithunzi za asodzi a pa nyanja ya Chilwa, matemba oyanika, maukonde, chimodzi 5 kapena 6 MB chifukwa ndinangozikoka pa foni mmene zinalili nkuzichepetsa ndi mouse. Achimwene aja anaseka, ati kukoka pakona kumachepetsa maonekedwe okha, kulemera kumakhala komweko. Ngakhale crop, mbali imene wadula ija sichoka ayi, PowerPoint imangoibisa kuti mwina uisintha maganizo.

Ndiye anafufuta slide yobisika ija, kudina chithunzi chimodzi, Picture Format, Compress Pictures, kuchotsa chongi pa Apply only to this picture kuti zigwire zithunzi zonse, kuchonga Delete cropped areas of pictures, nkusankha 150 ppi. Save As dzina lina, yakale ija osaigwira, ati mwina mudzafuna zithunzi zowala bwino polemba lipoti. Fayilo inatsika kufika 9 MB. Ndinayang'ana kawiri, ndimaona ngati maso akundinamiza. Ndipo dzulo pa pulojekita palibe ndi mmodzi yemwe amene anati zithunzi zafooka, matemba amaoneka mpaka mamba.

Zikomo kwa mnzanga wa mchipinda, iwe mtsikana unagwira tochi ya foni mpaka mkono kuuma, nkutipatsanso hotspot pomwe iwenso mawa lake unali ndi test. Zikomo amayi kumudzi ku Jali, ndinakuimbirani usiku mutagona kale, simunamve nkomwe kuti MB nchiyani koma munadzutsa a neba kuti anditumizire ya bandulo pa Airtel Money. Ambuye akudalitseni amayi. Asodzi a ku Kachulu amene munandilola kukujambulani muli pantchito, nanunso zikomo, ma lecturer anafunsa zambiri za inu kuposa za ine.

Imelo inapita 10:47, laputopu ili pa 6%.

Achimwene a pa stationery ndalama munakana, munati ndidzangokugulirani chips. Loweruka ndikubwera, cha pachiwaya chotentha ndi Fanta wake, ndipo musayerekeze kukananso.