Loweruka ku Famoso, silinda nambala 7 itazima

Kunacha kozizira, dzuwa lisanawombe bwino pa minda ya mitengo ya almond yozungulira bwalo. Famoso ili kumpoto kwa Bakersfield ku California, ndipo mpikisano wa magalimoto wa March Meet unayambira pano mu 1959, pansi pa kalabu ya Smokers. Woyamba kupambana anali a Art Chrisman. Zaka zimenezo NHRA, bungwe loyendetsa mipikisano yotere, linali litaletsa mafuta a nitro (nitromethane) pa mipikisano yake, kuyambira 1957 mpaka 1963, kotero aliyense wosafuna kuthamanga ndi petulo ankathawira kuno. Msewu wake ndi wowongoka, mamita 402, magalimoto awiriawiri.

Pofika 7 koloko timu ina ya anthu asanu inali itatsitsa kale galimoto pa ngolo. Ndi yamtundu wa slingshot: mapaipi owotcherera, injini patsogolo, dalaivala kumbuyo kwenikweni, miyendo atatangadza pamwamba pa difu. Anamuika kumeneko kuti kulemera kugwere pa matayala akumbuyo. Kuipa kwake n'koti chilichonse chimene injini ingalavule, kaya oyilo, kaya moto, kaya zidutswa za blower (chopopera mpweya mu injini), chimafikira kumaso kwake.

Buloko yawo ndi ya aluminiyamu, koma mapangidwe ake ndi a Chrysler 392 Hemi, injini ya malita 6.4 imene inapangidwa mu 1957 ndi 1958 basi. Inali ya magalimoto a mabwana monga New Yorker ndi Imperial, ndipo anyamata a m'ma 1960 ankakaitola kumalo ogulitsa zitsulo zakutha. Chimene ankaikondera ndi hedi: chipinda choyakira mafuta n'chozungulira ngati chigoba cha chipanda, pulagi pakati, mavavu aakulu moyang'anana, mpweya umalowa uku n'kutulukira uko osakhota. Kufooka kwake kunali pansi, pomwe kilankishafuti imagwiridwa ndi mabawuti awiriawiri. Mabuloko achitsulo atayamba kusowa, a Ed Donovan anatulutsa ya aluminiyamu, yotchedwa 417, mu 1971. Pamwamba pakhala blower ya 6-71, yomwe poyamba inali ya injini ya dizilo ya GMC: masilinda 6, iliyonse ma cubic inch 71, dzina n'kuchokera pamenepo.

Ntchito yoyamba inali kusakaniza mafuta. Petulo amafuna pafupifupi makilogalamu 14.7 a mpweya kuti kilogalamu imodzi ipse bwino. Nitro ali ndi okisijeni wakewake, amangofuna 1.7. Pa mpweya womwewo mungatenthe nitro wochuluka kasanu ndi katatu, ndipo ngakhale kilogalamu yake ili ndi mphamvu zochepa kuposa ya petulo, pamapeto injini imatulutsa mphamvu zoposa kuwirikiza kawiri. Amasakaniza ndi methanol, n'kuyeza ndi hydrometer, chida choyezera kulemera kwa zamadzimadzi, chifukwa lita ya nitro imalemera pafupifupi makilogalamu 1.13 pomwe ya methanol ndi 0.79. Koma hydrometer imanama mukapanda kuyezanso kutentha kwa mafutawo. Chigubu chimene chagona panja usiku chimawerenga pamwamba, chimene chawotha dzuwa chimawerenga pansi, chonsecho mafuta ndi omwewo. Mkulu wa timuyo anayeza kawiri, n'kulemba m'kabuku kothimbirira ndi oyilo.

Asanalize, anachotsa mapulagi onse 8, n'kuzungulitsa injini chobwerera ndi chitsulo chachitali. Izi sachita mwamwambo chabe. Nitro wotsalira m'silinda akhoza kuphulika pongopanikizidwa, popanda moto wa pulagi, n'kung'amba hedi anthu ataimirira pomwepo. Polizanso sayambira nitro. Amathira kapetulo pang'ono pakamwa pa injector, polowera mpweya ndi mafuta, ndi botolo lofinya, ikagwira ndiye amatsegula mafuta enieni. Phokoso limasintha nthawi yomweyo, kuchoka pa kung'ung'udza kufika pa kuthetheka ngati nsungwi zikupsa, ndipo utsi wake umaluma m'maso mpaka misozi mbwembwembwe.

Anathamanga cha m'ma 11 koloko. Galimoto inanyamuka bwino, koma isanafike pakati paipi yomalizira ya kumanzere inayamba kulavula nkhungu yoyera. Ameneyo ndi nitro wosapsa: silinda nambala 7 inali itazima. Galimoto inayamba kukokera kumanzere, chifukwa mapaipi afupiafupi aja amakankha ndithu, ndipo mbali imodzi ikachepa mphamvu inayo imapambana. Dalaivala anachotsa phazi, n'kuponya parachuti. Anachita bwino. Silinda yozima imapitiriza kulandira mafuta, ndipo zamadzimadzi sizipanikizika. Akadzaza, pisitoni imagunda ngati pakhoma, konirodi n'kupindika kapena kutulukira m'mbali mwa buloko.

Atabwerera, mapulagi anawayala pa thabwa lobowola mabowo 8, lililonse ndi nambala yake. Asanu ndi awiri anali atapsa mofanana, mtundu wa kutentha utakwera mizere ingapo ya mazinga. Wa nambala 7 unali wonyowa, wowala ngati watsopano. Apa pamakhala mafunso awiri okha: mafuta anachuluka, kapena moto unachepa? Silinda iliyonse ili ndi nozo yake, kabowo kopoperamo mafuta, ndipo kukula kwake kumasiyana chifukwa blower sigawa mpweya mofanana. Nozo ikakula mopitirira, silinda imamira n'kuzima. Ikatsekeka ndi kachitsotso zimakhala zoipa koposa, pakuti mafuta omwewo ndi amene amaziziritsa pisitoni, ndipo akachepa imabooka pamutu m'sekondi imodzi. Nozo inali yoyenera. Vuto analipeza pa waya wa pulagi, umene unang'ambika pamalo pomwe unkakhudza chivundikiro cha mavavu, moto n'kumadumphira pachitsulo m'malo mofika m'silinda. Kanthu ka ndalama zochepa, mpikisano wa m'mawa n'kupita.

Sanangosintha waya n'kukhala pansi. Oyilo anakhetsa yense, atasanduka wachikasu ngati phala la mgaiwa chifukwa nitro amadutsa pa maring'i n'kumusungunula. Sampu inatsika, mabeyaring'i a konirodi anayezedwa limodzilimodzi ndi micrometer, chida choyezera kuchindikala. Limene laphwatalala limasonyeza kuti silinda imeneyo ikugunda msanga. Anapopera mpweya m'silinda nambala 7 n'kumvetsera: ukamveka ku paipi ndiye vavu, ukamveka m'sampu ndiye maring'i. Sunamveke kolakwika. Kilatchi anaitulutsa ndi magolovesi ikadali yotentha, mbale zake n'kuzipala kuti zikhale zosalala.

Pa kilatchi pamenepa ndi pomwe mbiri ya magalimotowa inakhotera. Mpaka chapakati pa ma 1960 kilatchi inkagwira kamodzi n'kamodzi, matayala n'kumazungulira mu utsi msewu wonse. Zinali zokoma kuonera, koma nthawi inkatayika. Cha mu 1967 anayamba kulola kilatchi kuterereka m'malo mwa matayala, nthawi n'kutsika pansi pa masekondi 7, koma kutentha konse kunasamukira m'chitsulo chozungulira pafupi ndi mapazi a munthu. A Mike Sorokin anafa mu Disembala 1967 ku Orange County International Raceway kilatchi itaphulika. Iwowa ndi amene anapambana March Meet ya 1966 ndi timu ya The Surfers, pamodzi ndi a Tom Jobe ndi a Bob Skinner, anyamata opanda ndalama zambiri amene anathera nthawi yawo pa pampu ndi manozo mpaka 392 yawo inkamwa nitro pafupifupi wosasakaniza osasweka. Kwa ine imeneyo ndiyo timu yanzeru kuposa zonse za nthawi ija, ngakhale ambiri angatchule timu ya Greer, Black ndi Prudhomme, imene inapambana maulendo oposa 200 mu 1962 ndi 1963, injini ikukonzedwa ndi a Keith Black. Pa 8 Malichi 1970 ku Lions Drag Strip giyabokosi ya galimoto yotchedwa Swamp Rat XIII inaphulika, n'kudula galimoto pakati ndi mbali ya phazi lamanja la a Don Garlits. Chaka chotsatira anabwera ndi galimoto ya injini kumbuyo, n'kupambana mpikisano wa Winternationals ku Pomona, ndipo pasanathe zaka ziwiri slingshot inali itatha ntchito pa mipikisano ikuluikulu.

A Garlits omwewo ndi amene anatulukira khalidwe la 426 Hemi, imene inabwera mu 1964. Poyamba ankaitchera taimingi (nthawi yoyatsira moto wa pulagi) ngati ya 392, madigiri 30 ndi kanthu, ndipo inkangokhala yaulesi. Atatopa nayo anaikankhira ku 40, kenako 50, cholinga iphulike aitaye. M'malo mwake inathamanga. Nitro amapsa pang'onopang'ono, amafuna kuyatsidwa msanga, ndipo pansi pa 426 panali polimba mokwanira kupirira.

Ulendo wachiwiri unali cha m'ma 4 koloko, msewu utatentha, mpweya utapepuka. Anachepetsa mafuta pang'ono pokulitsa kabowo kobwezera mafuta ku thanki, popeza mpweya wotentha uli ndi okisijeni wochepa. Mapaipi onse 8 anakhala ouma mpaka kumapeto, masekondi osakwana 6, liwiro lozungulira makilomita 400 pa ola.

Kutada, magalimoto akale amene sathamanganso anawakankha ndi mapikapu, monga ankachitira kale asanayambe kugwiritsa ntchito sitata: pikapu imakankha, dalaivala amasiya kilatchi, amadikira kuti oyilo akwere, kenako amatsegula mafuta ndi magneto, chipangizo chopereka moto ku mapulagi. Anaima pamzere injini zikuthetheka, malawi achikasu akutuluka m'mapaipi kufika m'mapewa mwa madalaivala ovala zophimba kumaso zasiliva. Timu ija inali isanapite kukaonera. Sampu inali pansi kachiwiri, mkulu uja ali chagada ndi tochi m'kamwa, akuyitanitsa beyaring'i ya nambala 3.