Zaka 3 zokasumira, koma kuwerenga kuyambire pati?

Sabata ino pa maphunziro anga a zamalamulo tinali pa nkhani ya nthawi yokasumira. Kuno kwathu lamulo la Limitation Act limapatsa munthu wovulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina zaka 3 kuti akasume. Minibasi ikagubuduzika pa Kamuzu Road kuno ku Salima, nkhani yake ndi yosavuta: tsiku la ngozi apolisi analemba, akuchipatala analembanso. Chandivuta ine ndi matenda obisala, aja amadya munthu zaka zambiri mwini wake akulima bwinobwino.

Mlandu umene tinaufukula kwambiri ndi wa Cartledge ndi Jopling, wa ku England mu 1963. Ogwira ntchito pafakitale ya zitsulo ankapuma fumbi lomwe linkawononga mapapo awo pang'onopang'ono, ndipo pomwe ankazindikira n'kuti nthawi itatha kale. Bwalo la House of Lords, lomwe linali lalikulu kumeneko panthawiyo, linati kuwerenga kunayamba pamene mapapowo anawonongeka, kaya eni ake anamva kupweteka kaya ayi. Oweruzawo sanabise kuti chigamulochi chinkawawawa, koma lamulo linawamanga manja. Chaka chomwecho aphungu a kumeneko analisintha. Lero lamulo lawo la 1980 limalola kuwerenga zaka 3 kuchokera tsiku limene munthu anadziwa kuti wavulala kwambiri, chimene chinamuvulaza, ndiponso amene anachititsa.

Poyamba zimamveka ngati chifundo chokhachokha. Koma bwalo silifunsa zimene unadziwa zokha, limafunsanso zimene ukanadziwa ukanachita khama lofufuza. Lamulo la ku South Africa la 1969 nalonso limatero. Apa m'pamene ndinayamba kuganiza za madala athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba. Fumbi la mumgodi wa golide limayambitsa silicosis, nthenda ya mapapo imene ingaonekere patatha zaka 10 kapena 20. Gogo wa kumudzi kwa Khombedza akayamba kutsokomola ndi kubanika pokwera njinga, amati ndi ukalamba, ena amati ndi fodya, ena amatchula zina zimene sindilemba pano. Akafika kuchipatala chaching'ono, chimene amayamba kuganizira ndi TB. Khama la munthu wotereyu tiliyeza ndi chiyani? Amene amakhala pafupi ndi makina ounikira chifuwa ndi amene amafunika kugulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti, sangaweruzidwe ndi muyeso umodzi. Ine ndikuona choncho, ngakhale mnzanga wina m'kalasi anatsutsa kuti wosumiridwa nayenso sangakhale ndi mantha mpaka kalekale, mboni zitamwalira, mafailo atatayika. Mfundo yake ndi yoona, kungoti fumbilo sanapume ndi abwana.

Ku South Africa mlandu wa anthu odwala silicosis amene anasumira makampani a migodi ya golide unathera pa mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni, umene khoti linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo limalipira odwala amene anagwirapo ntchito m'migodi ya makampaniwo m'zaka zoyambira 1965.

Chimene ndayamba kuchiona ndi diso lina ndi kabuku ka kuchipatala. Pa mlandu wotere maloya a mbali zonse amakanganira tsiku limene dokotala analemba dzina la nthendayo koyamba, ndiponso ngati anafunsa wodwalayo ntchito imene ankagwira. Sabata yamawa tikulowa nkhani ya ana, kuti kuwerengaku kumakhala bwanji wovulalayo akakhala wamng'ono.