Tsiku limene ndinapatsa lifiti wakupha Naphiri

Nkhuku zija ndinagula chifukwa cha matama, ndisaname. Ndinkafuna kuti anzanga a mu Leeds, mzinda wa m'chigawo cha Yorkshire kuno ku England, akabwera kudzacheza azindipeza ndikumwaza chimanga pabwalo ngati nyakwawa, ine n'kumati, "Ife mazira a m'sitolo tinasiya kalekale." Nyumba yomwe timachita lendi ili kunja pang'ono kwa tauni. Kuseri kuli kabwalo ka udzu, ndipo ukangodumpha mpanda pali kamtsinje kothira mu mtsinje wa Aire. Kamtsinjeko ndi komwe kanandikopa tsiku lomwe tinkaona nyumbayo, ndinkati kakundikumbutsa dambo la kwathu ku Ntcheu.

Ndinatenga nkhuku zisanu ndi imodzi, zopuma pantchito. M'mafamu a mazira kuno thazi likakwana masabata 72 amati lakalamba, ndiye pali mabungwe amene amaziwombola kuti zisapite kophedwa n'kumazipereka kwa anthu. Zinafika makosi ali mbee, nthenga zothothoka ngati zochokera kundende. Ndinazipatsa mayina olemekezeka kuti zilimbe mtima: Naphiri, Nabanda, Nankhoma, Nambewe, Nangondo ndi Nasibeko. Tambala ayi, chifukwa kuno akalira mbandakucha aneba amakusumira kukhonsolo. Ndinakazilembetsanso ku boma, poti kuyambira mu Okutobala 2024 ku England ngakhale uli ndi nkhuku imodzi uyenera kulembetsa chifukwa cha chimfine cha mbalame. Amayi kumudzi nditawauza pa foni anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti zizivotanso?"

Khola ndinamanga ndekha ndi mapaleti ndi waya wa nkhuku. Ndikukhoma msomali womaliza, madala a nyumba yoyandikana, mzungu wopuma pantchito yemwe theka la moyo wake wathera m'mbali mwa mitsinje ndi mbedza, anasuzumira pampanda n'kulowetsa zala ziwiri m'diso la wayayo. Anati waya umenewu ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, osati kuletsa chilombo kulowa. Ndinawayankha mwaulemu kuti ine ndinayamba kutsekera nkhuku ndisanayambe kuvala nsapato. Anangoti chabwino, n'kubwerera ku tomato wawo.

Miyezi isanu inatha bwinobwino, mazira anayi kapena asanu tsiku lililonse. Kenako m'mawa wina mu Seputembala, ndikuchokera ku naiti, ndinapeza kukhola kuli zii. Naphiri, Nabanda ndi Nangondo anali gone pakona, ataunjikidwa ngati wina amafuna kudzawatenga mawa. Nyama yosadyedwa, nthenga zosamwazika kwenikweni, kungoti kuseri kwa khosi timabala ting'onoting'ono ngati wabaya ndi singano. Zitatu zotsalazo zinali pamwamba pa mtanda, maso ali tong'o.

Nkhandwe sinali, chifukwa nkhandwe imanyamula n'kusiya nthenga ponseponse, komanso chitseko chinali chotseka.

"Likongwe," ndinatero, manja ali m'chiuno.

Akunyumba anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi. "Abambo, likongwe ku Yorkshire? Wabwera pa viza yanji?"

Ndinati dzina lingasinthe koma khalidwe ndi lomwelo. Ndipo masana omwewo umboni unabwera wokha. Pakhoma la miyala la kumapeto kwa bwalo panatulukira kanthu kofiirira, kotalika ngati chikhatho changa ndi pang'ono, kowonda ngati soseji, kumimba koyera. Kanaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kundiyang'ana m'maso mopanda manyazi, kenako zyoli m'mphako. Ndinathamangira kumpanda kukaitana madala.

Anandifunsa za mchira. Ndinati ine ndimayang'ana nkhope ya wakuba, osati mchira. Anati mchirawo ndiye chiphaso. Ukakhala waufupi, wamtundu umodzi mpaka kunsonga, ameneyo ndi weasel. Ukakhala wautaliko, kunsonga kwakuda ngati wauviika mu inki, ndi stoat, msuweni wake wamkulupo. Ndinaganiza pang'ono n'kunena kuti unali waufupi. "Ndiye mwana ameneyo musiyeni," anatero. Weasel wamwamuna amangopitirira pang'ono magalamu 100, wamkazi sakwana n'komwe. Chakudya chake ndi mbewa, ndipo n'kutheka kuti kanabwera chifukwa cha mbewa zomwe zimatola chimanga chomwe ndinkamwaza mwaufumu chija. Anapiye kangagwire, koma mathazi atatu a makilo awiriawiri usiku umodzi, n'kuwakokera pakona? Analoza kumtsinje ndi chibwano n'kutchula dzina lomwe ine ndinkalimva pa majasi a anthu olemera okha: mink.

Mumtima ndinati madala awa akuteteza mbale wawo. Kwathu likongwe nayenso ndi wowonda, koma funsani agogo anga nkhuku zomwe anawathera.

Anandibwereka msampha wa chikwere cha waya, uja chitseko chimagwa chinthu chikaponda mkati. Malamulo anandipatsa awiri: ndiziuyendera m'mawa uliwonse, ndipo ukagwira ndisatsegule, ndiwaitane. Anayamba kufotokoza chifukwa chake, koma ine maganizo anali kale pa nyambo. Iwo anati nsomba ya m'chitini. Ine ndinadziwa kuti m'kabati, kuseri kwa mpunga, muli chigubu cha usipa wouma womwe apongozi anatitumizira kuchokera ku Nkhotakota kudzera mwa munthu wina wobwera pa ndege. Usipa umenewo akunyumba amauwerenga ngati ndalama, umaphikidwa pa tsiku lobadwa ndi pa 6 Julaye basi. Ndinatapa dzanja limodzi.

Usiku woyamba ndinagwira kanungu. Anali atadya usipa wonse n'kudzipinda kugona. Usiku wachiwiri, dzanja lina la usipa, ndinagwira mphaka wa nyumba yachitatu, yemwe mpaka lero akandiona amawoloka msewu. Usiku wachitatu ndinatapa manja awiri, poti ndinaona kuti mpikisano wakula.

Lamulungu cha m'ma 5 koloko m'mawa ndinamva msampha ukugwedezeka ndisanafike n'komwe. Nditaunika ndi foni ndinabwerera m'mbuyo. Chinthucho chinali chakuda ngati khofi wopanda mkaka, ubweya wonyezimira ngati chadzola mafuta, chachitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono mpaka kunsonga za zala, mchira wamanyenje pamwamba pake. Pachibwano kadontho koyera ngati mwana wakuba mkaka. Chinandiyang'ana n'kulira mokuwa, kulira kwake ngati chitseko cha dzimbiri.

Munthu wanzeru akanakumbukira mawu a madala. Ine ndinati, "Ahaa, kadzana ndinaona mwana, uyu ndiye bambo ake."

Ndinajambula n'kuponya pa gulu la WhatsApp la anyamata a kwathu, poti a naiti amakhala ali maso. Wina anati ndi katumbu. Wina anati ndi kanyimbi yemwe mizere yake inafufutika ndi mvula ya kuno. Wina anati msulu. Wa ku Dedza anangofunsa ngati chimadyedwa.

Phokoso lija linadzutsa mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, wobadwira konkuno, yemwe nyama iliyonse kwa iye ndi mnzake. Anatuluka ndi zovala zogonera, kuona chilombocho, n'kuyamba kulira kuti adadi musachiphe. Yemweyo analirira Naphiri masiku atatu apitawo. Kwa madala magetsi anali ozima, ndipo kugogoda pakhomo la mzungu 5 koloko Lamulungu ndinaona kuti n'kusowa ulemu. Komanso, ndinene zoona, sindinafune kuti adzandipeze ndikudikira thandizo ngati mwana. Ndinaganiza zokachitaya kutali, kuthengo, ndibwere ndisambe tipite kutchalitchi.

Msampha unali ndi matope, ndipo galimoto yathu ndi imodzi, yomwe akunyumba amayendera pokasamalira okalamba m'makomo. Ndiye ndinachita monga tinkachitira kumudzi: ndinatenga thumba la ufa lopanda kanthu, kulivundikira pakamwa pa msampha, kukweza chitseko. Kudzanja lamanja ndinavala golovesi yotulutsira mbale mu uvuni. Lamanzere linali lopanda kanthu, ndipo ndi lomwelo chinasankha. Chinaluma chala chachikulu kudzera m'thumba momwemo, osasiya. Ndinavina gule pa udzu wonyowa, kukuwa chamumtima kuopa kudzutsa aneba, mpaka chinatopa chokha. Ndinamanga thumba ndi chingwe cha nsapato, kuliponya kumpando wakumbuyo, kukulunga chala ndi kansalu kopukutira mbale, n'kuliza galimoto.

Thumba lomwe limasunga makilo 10 a ufa linapirira mphindi ziwiri. Ndisanafike pa mlatho wa kumapeto kwa msewu wathu ndinamva kung'ambika, kenako fungo. Inu amene munakumanapo ndi kanyimbi mukudziwa mbali yake. Onjezani nsomba yoola ndi tayala lopsa, mutseke mawindo, muyatse chotenthetsera. Maso anayamba kutuluka misozi. Nditayang'ana pagalasi ndinaona nkhope yakuda ili pamwamba pa mpando, kuseri kwa khutu langa. Chinadutsa paphewa, kutsikira pamiyendo, kulowa kumapazi komwe kuli mabuleki. Ndinakweza mapazi onse awiri m'mwamba ngati mayi waona njoka m'bafa, galimoto n'kuzima yokha pakati pa mlatho. Nditatsegula chitseko kuti ndithawe, chinayamba ndi icho kutuluka. Chinadutsa pansi pa zitsulo za mlatho n'kudziponya m'madzi, phava! Ndinachiona chikusambira mosatekeseka, mutu pamwamba, kulowera kumtunda, komwe kuli mpanda wathu.

Bambo wina woyendetsa galu anandipeza nditaima pamenepo, golovesi ya maluwamaluwa kudzanja limodzi, kansalu ka magazi kudzanja linalo. Anandifunsa ngati ndili bwino. Galu wake ananunkhiza kamodzi n'kukokera mbuye wake kutsidya.

Kuchipatala namwino anatsuka bala, kundibaya jakisoni wa kafumbata, n'kufunsa chomwe chandiluma kuti alembe. Ndinati weasel wamkulu. Anatsegula windo.

Madala ndinawapeza akundidikira pampanda, msampha wopanda kanthu uli m'manja. Ndinawaonetsa chithunzi. Anachikulitsa ndi zala n'kuloza kadontho ka pachibwano, osanena kanthu kwa kanthawi. Kenako anandiphunzitsa ngati mwana wa Sitandade 1. Weasel ndi wofiirira pamsana, kumimba konse koyera, amakhala m'makoma ndi m'maenje a mbewa. Mink ndi wakuda thupi lonse kupatula pachibwano, wamwamuna amafika kilo imodzi kapena kupitirira, zala zake zili ndi kachikopa pakati, ndipo sapita kutali ndi madzi. Akalowa m'khola amapha zambiri kuposa zomwe angadye. Pomwe mutu wake walowa, thupi lonse limatsatira, ndipo anandionetsa pomwe waya wanga unakankhidwa pansi pa chitseko, malo omwe ine ndinkati ngakhale khoswe sangadutse.

Chomwe chinandipweteka kuposa chala ndi chakuti weasel ndiye mwini dziko, pamene mink ndi wobwera ngati ine. Kwawo ndi ku North America. Anamubweretsa kuno cha m'ma 1929 kudzamuweta m'mafamu a ubweya wosokera majasi, ena anathawa, ndipo pofika m'ma 1950 anali akuswana okha m'mitsinje ya ku Devon. Mafamuwo analetsedwa ndi lamulo la mu 2000, koma othawawo anali atafalikira kale, n'kutha mbewa za m'madzi zija amati water vole m'mitsinje yambiri. N'chifukwa chake lamulo la zachilengedwe la mu 1981 limaletsa kumasula mink ukamugwira. Ndi zomwe ankafuna kundiuza tsiku lija ine ndikuganiza za usipa.

"Ndiye kuti ndapalamula?" ndinafunsa.

Anati, malinga ndi momwe ndafotokozera, sindinamumasule ayi. Iye ndiye anandimasula ine.

Kutchalitchi sitinapite. Akunyumba anatsegula chitseko cha galimoto, kutseka, n'kulowa m'nyumba osayankhula, zomwe kwa ine n'zoopsa kuposa kukalipa. Anatuluka ndi ndowa, sopo, viniga ndi soda. "Abambo, mawa 7 koloko ndili ndi agogo anayi oti ndikawasambitse. Sindikufuna afunse kuti ndani wafa." Ndinachapa mipando ndi dzanja limodzi mpaka dzuwa kulowa. Fungolo linakhala milungu itatu, ndipo mpaka pano kukagwa mvula limabwera kudzatizonda.

Khola tinamanganso ndi madala, waya wolimba wa maso a mamilimita 13, wina kuukwirira pansi. Ine ntchito yanga inali yopatsira misomali. Patapita milungu iwiri mink anagwidwa m'msampha womwewo m'mbali mwa kamtsinje, madala n'kuchita zomwe lamulo limafuna mwana ali kusukulu. Kaweasel kakadali pakhoma paja, ndipo mbewa zachepa. Ndikakaona ndimakapatsa moni.

Nkhani ya usipa ndinkayesa yapita ndi madzi, poti chigubu ndinachibwezera kuseri kwa mpunga n'kuchigwedeza kuti chioneke chodzaza. Lamulungu lapitali apongozi anaimba pa vidiyo, ndipo atatha kufunsa za mwana ndi za nyengo anati, "Nanga usipa uja munauona bwanji, sunali wowawa?" Akunyumba anapita kukabati, kutenga chigubu, kuchiyang'anitsa pa kuwala kwa windo, n'kundipatsira foni.

"Amayi, afunseni akamwini anuwa. Ndi omwe amaphikira alendo."