Ka t kakumapeto kandipulumutsa ku ofesi

Ofesi yathu ku Salima kuno tilimo anthu asanu, kompyuta yosungira mafayilo ndi imodzi, ya Ubuntu. Foda ya malipoti ndinaiika pa 777 (chilolezo choti aliyense awerenge, alembe ndi kulowamo) kalekale poti aliyense ankadandaula kuti ikukana kuseva, ine nkumati nkhani yatha. Ndiye Lachiwiri mnzanga wina pochotsa zinyalala zake anafufutira kumodzi lipoti la amayi a ku akaunti, amayi aja kubwera pa desiki panga, "achimwene, ntchito yanga ya sabata yonse ili kuti?" Ine thukuta kamukamu, osati la dzuwa la kunyanja kuno lokha ayi.

Chomwe sindinkachidziwa nchakuti kufufuta fayilo sikuyendera chilolezo cha fayiloyo, kumayendera foda. Ukangokhala ndi w ndi x (chilolezo cholemba ndi cholowa) pa foda ukhoza kuchotsa chilichonse mmenemo olo chikhale cha eni. Nanga /tmp, foda ya mafayilo osakhalitsa, bwanji, poti aliyense amalembamo koma anthu safufutirana? Ndinataipa ls -ld /tmp kunatuluka drwxrwxrwt. Ka t kameneko ndiye sticky bit, nambala yake 1000, nchifukwa chake /tmp imakhala 1777. Kakakhalapo wofufuta kapena kusintha dzina la fayilo ndi mwini fayilo, mwini foda kapena root (akaunti ya mphamvu zonse pa kompyuta) basi.

Vuto lina linali gulu, fayilo yatsopano inkatenga gulu la amene waipanga ndiye anzake osatha kuikonza. Mankhwala ake ndi setgid, 2000, ukaika pa foda zatsopano zonse zimatengera gulu la fodayo. Ndinapanga gulu loti ofesi, ndinalowetsamo tonse asanu, kenako chgrp -R ofesi malipoti kuti zonse za mufodamo zikhale za gululo, chifukwa mafayilo akale sasintha okha, nkumaliza ndi chmod 3770 malipoti. 3 ameneyo ndi 2 wa setgid kuphatikiza 1 wa sticky bit.

Kuyang'ana, drwxrws--T. T wamkulu! Ndinaona ngati ndaononga, kani amangotanthauza kuti pansi pake palibe x, poti anthu akunja kwa gulu ndawatsekera. S wamkulu nayenso chimodzimodzi. Onaninso umask yanu, nambala imene imachotsa zilolezo pa mafayilo atsopano, ikakhala 022 anzanu aziwerenga kokha osatha kulemba, pamafunika 002.

Setuid, 4000, ndinangokumana nayo mnjira. ls -l /usr/bin/passwd imaonetsa -rwsr-xr-x, ka s kameneko ndiye setuid, kutanthauza kuti pulogalamuyo imayenda ndi mphamvu za mwini wake root, nchifukwa chake munthu wamba amatha kusintha pasiwedi yake mu /etc/shadow, fayilo ya mapasiwedi yomwe amalembamo root yekha. Nzeru za Dennis Ritchie, mmodzi mwa amene anapanga Unix, zimenezi, mpaka anatengera patent mu 1979. Ine dyera, ndinayesa kuiika pa kasikripti kanga ka bakapu kuti ndisamavutike ndi sudo (lamulo lobwereka mphamvu za root), palibe chinachitika, Linux saiwerengera pa masikripti, ndipo ndikuona kuti anachita bwino poti anthu ngati ine tikanatsegula zitseko zambiri.

Lipoti lija tinalipeza pa fulashi ya amayi aja, la Lachisanu, masiku awiri okha ndi omwe anabwereza. Fanta ndinagula ndine.