Bondo linachira, koma mwana ankaopabe kuponda

Tsiku lomwe a fiziyo, aja amathandiza ovulala kulimbitsanso thupi ndi ma ekisesaizi, ananena kuti mwana wanga atha kugwiranso bat, ndodo yomenyera mpira pa masewera a softball, ine ndinasangalala kuposa mwini wake. Panali patadutsa miyezi 9 chichitireni opaleshoni ya bondo lakumanzere. Mtsempha wa mkati mwa bondo uja amati ACL unaduka akukhota pa base yachiwiri (ma base ndi malo omwe wosewera amathamanga kuwazungulira akamenya mpira), phazi linakanirira pansi thupi n'kutembenuka lokha, iye akuti anangomva kuti thu mkati mwa bondomo, basi n'kugwa. Ndi mtsikana wa zaka 14, softball ndiye moyo wake, ndiye miyezi yonseyo ya ndodo zoyendera ndi ma ekisesaizi inali yowawa kwa tonse mnyumba. A fiziyo sanamulole mwachisawawa ayi, anamuyeza kaye mphamvu za ntchafu mpaka mwendo wovulalawo unafika 90 peresenti ya unzake, anamudumphitsanso ndi mwendo umodzi kangapo konse. Nde ine mumtima ndinati zatheka, tibwerera pomwe tinasiyira.

Titaika mpira pa tee, kachitsulo koikapo mpira kuti aumenye uli poima, ndinaona zina. Iyeyu amamenya ngati wamanja, ndiye kuti mwendo wakumanzere ndi womwe umakhala kutsogolo, ndipo amene mumadziwa masewerawa mukudziwa kuti mwendo wakutsogolowo ndi umene umalandira thupi lonse. Umaponda, umalimba, kenako chiuno chimazungulira pamenepo, mphamvu yomenyera imachokera pansi kukwera mchiuno kenako m'manja. Koma mwana wanga samaponda. Amangogunditsa zala pansi ngati akuyesa madzi otentha, thupi lonse lili pa mwendo wakumbuyo, n'kumenya ndi mikono yokha. Mpira umangokwera m'mwamba n'kugwera pafupi pomwepo.

Apa mpamene ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa ma vidiyo ake akale asanavulale, pomwe ankanyamula mwendo m'mwamba n'kuponda mwamphamvu, ndikumuuza kuti waona, umapanga chonchi iwe, ponda basi. Anayesa kawiri katatu kenako anaika bat pansi, misozi ili mbwee, n'kunena kuti "Adadi, ndikamaponda ndimamva ngati lidukanso." Kupweteka sikunalipo, ndinamufunsa bwinobwino, kunalibe. Anali mantha, ndipo mantha amenewo sunganene kuti ngopusa, chifukwa amene anadukapo ACL ali wamng'ono amakhaladi pachiopsezo chodukanso, kaya bondo lomwelo kaya linalo, ndipo atsikana vuto limeneli limawagwera kwambiri kuposa anyamata. Mwanayo zimenezi amazidziwa, anazimva kuchipatala ndi makutu ake.

Ndiye tinakhala pansi ndi a kochi ake komanso a fiziyo n'kugwirizana kuti kamenyedwe kakale tikaiwale kaye, timupangire kena kogwirizana ndi bondo lomwe ali nalo panopa. Choyamba tinachotsa kunyamula mwendo kuja. Amaima atatangadza miyendo pang'ono kuposa kale, chidendene chakutsogolo chili m'mwamba pang'ono, ndiye mmalo moponya sitepe amangotsitsa chidendene pansi n'kuzungulira. Palibe kugwa kuchokera m'mwamba, bondo silidzidzimuka. Chinthu chomwe chinathandiza kwambiri, mwina kuposa zonse, ndi kutsegula phazi lakutsogolo kuti zala ziloze chapakati pa woponya mpira ndi base yoyamba. Phazi likakhala lotseka kwambiri chiuno chikamazungulira, kupotoka konseko kumathera m'bondo, pomwe likatseguka pang'ono bondo limatsatira zala mwamtendere. A fiziyo anabwereza mawu amodzi mpaka tinawaloweza, bondo liziyang'ana komwe zala zikuyang'ana, lisagwere mkati. Ine ntchito yanga inasanduka yogwada kutsogolo kwake chapambali ndi foni, kujambula bondo lokhalo, kenako timaonera limodzi pang'onopang'ono. Nkhope sindimajambula nkomwe, ma vidiyo anga onse a mwezi umenewo ndi bondo ndi nsapato basi.

Za nsapatozi anthu ambiri saziganizira. Nsapato za zisonga zimaluma pansi, ndipo kuluma komweko ndi kumene kunamuvulaza, nde masabata oyamba ankamenya atavala nsapato wamba zosalala kunsi kuti phazi lizitha kuterereka pang'ono. Bat tinamupatsanso yopepukirapo. Kamenyedwe kake tinkachita kuwerenga, ka 15 n'kupuma, ka 15 kena basi tatseka, ngakhale iye atati akufuna kupitiriza. M'mawa mwake chinthu choyamba kunali kuona ngati bondo latupa kapena lalimba, likatupa ndiye kuti dzulo tinawonjeza, tibwerere m'mbuyo. Zinachitika kamodzi kokha, tinapuma masiku atatu.

Mwa maganizo anga makolo timathamangira mpira woponyedwa msanga kwambiri. Kwa ana a msinkhu wake, woponya amaima mafiti 43 kuchokera kwa womenya, pafupifupi mamita 13, mpira umafika mu theka la sekondi kapena kuchepera, ndiye mwana yemwe mutu wake uli pa bondo alibe nthawi yoganiza ziwiri. Thupi limangothawira ku zomwe likuona kuti nzotetezeka, kubwerera kumwendo wakumbuyo kuja. Nchifukwa chake tinakhalitsa pa tee mpaka iye anatopa nayo, kenako ine kumuponyera mofewa kuchokera chapambali, kenako kutsogolo ndili kuseri kwa neti.

Sabata yatha tsiku lina madzulo ndinamuponyera mpira wa 6 kapena wa 7, chidendene chinatsika, mwendo unawongoka nji, mpira n'kupita chowongoka kukagunda neti ndi phokoso lomwe sindinalimve kwa chaka chathunthu. Iye sanayang'ane komwe mpira wapita, anayang'ana bondo lake, kenako n'kundiyang'ana ine. "Adadi ponyaninso." Ndinaponya.

Panopa wayamba kale kuvuta kuti akufuna kunyamula mwendo kuja kubwerere poti akuti mpira sukupita patali ngati kale, ndipo akunena zoona, sukupita. A kochi ati adikire kaye amenye mipira yoponyedwa ndi anzake kwa masabata angapo bondo lisakutupa, ine ndili mbali ya a kochi. Loweruka likubwerali avala nsapato za zisonga koyamba.